Kalata ya Abusa: Tilime Ndiwo Pomwe Tikukhala

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. M'makomo momwe ndakhala ndikuyenda, dandaulo ndi limodzi: ndalama ya ndiwo sikukwana. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenaka chilala cha 2024, kamulu ka tomato kakunka kachepa pomwe mtengo ukukwera. Amayi akudya mkute kuti ana apeze chakudya, ndipo zimenezi zikundisowetsa mtendere.

Pa Yeremiya 29:5, Mulungu anauza anthu ake omwe anali ku ukapolo ku Babulo kuti amange nyumba, alime minda ndi kudya zipatso zake. Anali m'dziko la eni, mtima uli kwawo. Ambiri a ife m'tauni muno tikukhala chimodzimodzi: nyumba ya lendi, munda unatsala kumudzi, ndiye timati tidzalima tikadzabwerera. Koma ana akufuna ndiwo lero.

Malo asakhale chifukwa. Tengani thumba lakale la feteleza, mudzazemo dothi losakaniza ndi manyowa, muboole m'mbali, mubzalemo mpiru, repu kapena chayinizi. Matumba angapo otere amakwana kuseri kwa khitchini, ndipo tsiku losamuka mumanyamula. Kuthirira kwake, madzi otsukira masamba ndi mpunga omwe timangotaya aja angathandize. A landilodi omwe muli mumpingo uno, chonde aloleni okhala m'nyumba zanu alime.

Ndikupempheninso kuti tileke kunyoza ndiwo zathu. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada: ena timazibisa kukabwera alendo, ati ndi zaumphawi. Ndani anatiuza zimenezo? Bonongwe safuna mankhwala ambiri, pakangotha mwezi mwayamba kale kuthyola, ndipo masamba obiriwira otere amawonjezera magazi, chinthu chomwe amayi oyembekezera amalangizidwa kusikelo. Mukathira nsinjiro, botolo la mafuta ophikira limakhalitsa. Zikachuluka musazisiye zikhwime. Futsani, yanikani, sungani mfutso podikira Okutobala, masamba akadzasowa pamsika. Agogo athu ankatero, ndipo ana athu aakazi ndi aamuna omwe ayenera kuphunzira luso limeneli lisanatayike.

Zomwe simungalime, gulani kwa alimi athu. Tomato, anyezi ndi kabichi za ku Lizulu ndi ku Tsangano, mbatatesi ya ku Dedza, nyemba ndi mtedza za m'midzi yathu sizichokera kunja kwa dziko. Pano ndili ndi mawu olemera. Timalowa m'sitolo yaikulu n'kulipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa, koma tikafika kwa mayi wamasiye wogulitsa mpiru pamsewu timanenerera mpaka atsale wopanda phindu, n'kupemphanso basera. Mayi ameneyo Lamulungu timakhala naye benchi imodzi. Mulipireni moyenera.

Akulu a mpingo avomereza kuti malo a kuseri kwa tchalitchi tilimepo dimba, ndipo zokolola zoyamba zipite kwa odwala ndi okalamba athu. Loweruka likudzali m'mawa bwerani ndi makasu, makeni ndi mbewu iliyonse yomwe muli nayo yapadera kuti tigawane. Omwe mumaweta nkhuku kapena mbuzi, tithandizeni ndi manyowa. Achinyamata, ndikukudalirani pa ntchito yokonza mabedi.

Ine mtumiki wanu mwa Ambuye,
Mbusa wa mpingo