Anyamata a kabaza, njinga sanaimange mwankhanza ayi

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndilankhule ndi anyamata a kabaza. Ine ndimakonza njinga zamoto kuno ku Lilongwe ndipo sabata siitha osabwera wina ndi pempho lomwelija, "akulu tandimasulireni njingayi, ku fakitale anaimanga." Akamati kumanga akunena kabokosi ka magetsi kaja kotchedwa CDI, kamene kamadula moto wa pulagi injini ikalira kufika pa malire ake, ndiye amafuna tiikemo kena kopanda malire, tikuze jeti ya kabuleta (kabowo kolowetsa mafuta), ena mpaka amati tichepetse supuloketi yakutsogolo (kachitsulo ka mano kokoka tcheni) ndi dzino limodzi kuti njinga izidumpha ikamanyamuka pa siteji.

Inde imadumphadi, sindikukana. Koma mphamvuyo imadutsa pati? Imachoka mu injini kupita ku mapuleti a kilatchi, kenako magiya, tcheni, supuloketi, mpaka ku malabala aja ali mkati mwa habu yakumbuyo, amene ntchito yawo ndi kumeza kugwedeza ukapotokola moto mwadzidzidzi. Boxer 150 ija a Bajaj anaipangira ma horsepower 12 basi, ndipo zitsulo zonsezi anaziyeza molingana ndi mphamvu imeneyo, osati kuti inu mukweze anthu awiri ndi thumba la chimanga la 50 kg kenako muisiye kilatchi kamodzi n'kamodzi ngati mukuthawa apolisi.

Mwezi wathawu anabwera mnyamata wina akukankha njinga yomwe sinathe ndi chaka chomwe, anakaimasulitsa kwa mnzathu wina, dzina ndisatchule. Mano a supuloketi anali atapindika ngati mbedza, malabala titatsegula habu anangoyoyoka ngati makala onyenyeka, mapuleti akununkha chopsereza. Tcheni chinaduka ali pa mtunda wokwera n'kukamenya chivundikiro cha injini mpaka kung'aluka, oilo yense pansi. Mwayi wake sichinakulunge tayala, ponyamulapo panali mayi wa mwana kumbuyo. Iye n'kumati ma supeya a masiku ano ndi feki. Eya feki alipo, ndimawaona tsiku ndi tsiku, koma apa tcheni chinali chake chobwera ndi njinga.

Musaganize kuti malirewa amangoikira ife osauka. Suzuki Hayabusa itatuluka mu 1999 ikupyola 300 km pa ola, makampani akuluakulu anagwirizana kuti njinga zawo zizithera pa 299. Yamaha R6 ya 2006 inabwera ndi moto woyendetsedwa ndi kompyuta, dzanja lako limangopempha, kompyuta ndiye imaona kuti itsegule moto bwanji. Njinga zodula choncho amaziletsa, nanga kathu kamene timadyerapo nsima?

Chimandiwawa n'chakuti njinga zambiri si za anyamatawa, ndi za mabwana amene amadikira ndalama yawo madzulo aliwonse, ndiye mnyamata amaona ngati kuthamanga ndi kumene kumupezetse makasitomala ambiri. Phindu la ma tiripi awiri owonjezerawo limathera kwa ine makanika, ndipo mafuta nawonso imamwa kwambiri jeti ikakula.

Ogulitsa njinga nawonso atithandizeko, kabuku ka malangizo kobwera ndi njinga kaja kali m'Chingerezi ndipo ambiri amangokataya limodzi ndi makatoni. Atangolembako tsamba limodzi m'Chichewa lonena za kayendetsedwe ka njinga ikadali yatsopano, kamangidwe ka tcheni ndi nthawi yosintha oilo, bwenzi zina tikupewa. Njinga ya mnyamata uja ikadali pakona pa galaja panga, abwana ake akuti alipire yekha chivundikirocho.

Makanika wodandaula,
Lilongwe