Kalata kwa Dr Kgosientsho Ramokgopa, Nduna ya Zamagetsi ku South Africa

Olemekezeka a Nduna,

Ndine Mmalawi wa ku Dedza, koma ndatha zaka 14 kuno ku eMalahleni ndikuwotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a zitseko, zotchingira mawindo. Chichewa simumva, ndikudziwa, koma wokumasulirani simungamusowe, poti ife tinayamba kudzaza kuno nthawi ya Wenela. Sindivota m'dziko muno. Komabe mpweya wake ndimapuma, mayuniti a magetsi ndimagula, ndipo kwathu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Poyamba landirani zikomo. Munalowa pampando mu Malichi 2023, chaka chimene magetsi anazima masiku oposa 300. Wowotcherera wopanda magetsi ndi lova basi. Ndinkadzuka 2 koloko usiku chifukwa ndandanda ya pa foni yati ayaka mpaka 4, n'kumadula zitsulo aneba akutukwana pa windo, geti la kasitomala lili pansi sabata yachitatu. Kuyambira kumapeto kwa Malichi 2024 tinatha miyezi khumi osamvako za load shedding, ndipo ndinabweza ngongole zanga zonse. Zimenezo sindingaiwale.

Koma bwana, magetsiwo anabwerera bwanji? Masiteshoni akale anakonzedwa, inde, ndipo anthu olemera ndi makampani anayala masola pa madenga awo. Chinanso ndi ichi: mu Okutobala 2022 chipaipi cha utsi chinagwa ku siteshoni ya magetsi ya Kusile, apa pafupi, makina atatu n'kuima. Pofuna kuti ayambenso msanga, boma linalola machumuni ongoyembekezera, otulutsa utsi osausefa sulphur, mpaka Malichi 2025. Wa ku Sandton, dera la olemera ku Joni, anayatsa getsi n'kusangalala. Utsiwo unatsikira kwa ife.

Dzina la tauni yathu limatanthauza malo a malasha, ndipo silinama. Pa magetsi 100 alionse a dziko lino, pafupifupi 80 amachokera ku malasha, ambiri mwa iwo kuno ku Mpumalanga. Mukatuluka m'tauni muno kulowera kulikonse mukumana ndi machumuni a masiteshoni a magetsi: Duvha, Kendal, Matla, Kriel, Arnot, Hendrina. Malaya oyera mukayanika m'mawa nthawi yozizira, madzulo mumaanula otuwa. Mwana wanga wamkazi amapita ku sukulu ndi kampope ka mphumu m'thumba la yunifolomu. Sindiloza chala kampani imodzi, chifukwa utsi wa kuno uli ndi eni ake ambiri: migodi, mafakitale, ngakhale ifeyo tikamawotha malasha mu Juni. Koma boma linavomereza lokha mu 2007 kuti mpweya wa dera la Highveld ndi woipa wofunika chisamaliro chapadera, ndipo mu Malichi 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti ukuphwanya ufulu wa anthu wolembedwa m'malamulo a dziko. Choncho musandione ngati wolirira malasha. Ndikufuna masiteshoni a malasha atsekedwe. Chondilembetsa kalatayi ndi katsekedwe kake.

Pitani ku Komati. Siteshoni imeneyo inayamba kupanga magetsi mu 1961 ndipo inazimitsidwa mu Okutobala 2022. Kudzera ku World Bank kunapezeka ndalama zokwana $497 miliyoni zoti pamalopo pakhale masola, makina a mphepo, mabatire ndi sukulu ya ntchito zamanja. Pa pepala zinali zokoma. Ogwira ntchito olembedwa mokhazikika anasamutsidwira ku masiteshoni ena, iwowo sanagone ndi njala. Nanga aganyu a makontilakita? Nanga mayi uja ankaphika nsima ndi nyama ya mutu pa geti, woyendetsa takisi, mwini zipinda za lendi, wometa tsitsi? Amenewa sanali pa kaundula aliyense. Ndinadutsako Loweruka lina ndi mnzanga wa ku Mangochi amene kale ankasoka zovala kumeneko. Anandionetsa mzere wa zipinda zisanu ndi chimodzi zomwe zinkadzaza ndi alendi. Ziwiri zokha ndi zimene zinali ndi makatani, zinazo maloko achita dzimbiri. Bungwe lolangiza Pulezidenti pa za nyengo nalo linavomereza kuti anthu a kumeneko anafunsidwa mochedwa, ndipo ntchito zatsopano sizinakonzedwe siteshoni isanatsekedwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, a Nduna. Anthu analandidwa wa pamphuno n'kulonjezedwa wa pachala.

Tsopano masiteshoni a Hendrina, Camden, Grootvlei, Arnot ndi Kriel analoledwa kugwirabe ntchito mpaka 2030. Ena akuona ngati ndi kutali. Dziko lino liyenera kukhala loyamba kudziwa kuti si kutali. Mu 1998 chikalata cha boma chinachenjeza kuti pofika 2007 magetsi adzachepa. Boma linachedwa kuchitapo kanthu, ndipo kumapeto kwa 2007 komweko mdima unayamba, mpaka a Thabo Mbeki anapepesa. Ndiye kunayamba kuthamanga kumanga masiteshoni atsopano: Medupi mu 2007, Kusile mu 2008, iliyonse ya mamegawati pafupifupi 4,800. Zonse zinachedwa zaka zambirimbiri, zinadya ndalama zoposa zimene zinakonzedwa, ndipo ku Medupi makina amodzi anaphulika mu Ogasiti 2021 ntchito itangoti yatha. Ngati masiteshoni awiri anavuta chonchi, olowa m'malo mwa asanu adzamera ngati bowa?

Siteshoni ya nyukiliya ya Koeberg ku Cape Town yawonjezeredwa moyo, chabwino, koma mamegawati ake safika 2,000. Masiteshoni a Ankerlig ndi Gourikwa amamwa dizilo ngati madzi. Amenewo ndi majenereta a pangozi, si chakudya cha tsiku lililonse. Magetsi oposa mamegawati 1,000 amachokera ku damu la Cahora Bassa ku Tete, kwa abale athu, kuyenda pa nthambo makilomita 1,400 kudzafika ku Apollo pafupi ndi Pretoria. Pangano lake nalo likutha 2030, ndipo Mozambique ikuwafuna magetsi akewo. Ifenso a Malawi tikuwafuna kudzera pa nthambo ya ku Matambo mpaka Phombeya. Kudalira chinthu chimodzi ife a Malawi timakudziwa bwino: magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, ndipo namondwe Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati 130 kwa chaka ndi miyezi.

Dzuwa labwino lili ku Northern Cape, mphepo ili kugombe, koma nthambo za kumeneko zinadzaza kale, ndipo akatswiri anu omwe akuti pakufunika makilomita 14,000 a nthambo zatsopano. Pamene kuno ku Mpumalanga nthambo zilipo, zikuluzikulu, zongodikira. Anthu odziwa kuwotcherera, kukoka mawaya ndi kukonza makina aliponso. Dzuwa lathu si la ku Upington, koma likanakhala lochepa bwenzi sitikuvala zipewa. Bwanji osayamba kumanga pano, pambali pa Hendrina, chumuni chake chikadafuka? Ndalama za $8.5 biliyoni zimene mayiko olemera analonjeza ku Glasgow mu 2021 zothandizira kusiya malasha musaziwerengere kwambiri: zambiri ndi ngongole, ndipo America inatulukamo mu Malichi 2025.

Pempho langa nali. Pa siteshoni iliyonse mwa isanu ija, lengezani tsiku lotsekera ndi chimene chidzakhale chitaima kale pamalopo tsikulo lisanafike, mumate pa khoma la kiliniki ndi pa renki ya matakisi, m'chiZulu ndi m'chiSwati, osati m'chikalata cha masamba 200 pa intaneti. Powerenga okhudzidwa, muwerenge ndi aganyu, ophika pa geti ndi eni zipinda, posayang'ana mtundu wa chiphaso chawo. Ndipo masiteshoni otsala asamangopatsidwa chilolezo chophwanya malire a utsi chaka ndi chaka ngati kuti kuno kulibe ana.

Mukadzabwera ku Komati, musadzabwere ndi mdipiti wa galimoto ndi atolankhani. Mudzafike Lachiwiri wamba cha m'ma 12 koloko, nthawi imene kale pa geti pankanunkhira nyama yootcha, mudzawerenge nokha mapoto amene ali pa moto.

Ine wanu,
Wowotcherera zitsulo, eMalahleni