Oyamba kuwedza nsomba pongosangalala ayambe afunsa eni madzi

Akonzi,

Ndiloleni nditengeko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anthu a m'tauni amene masiku ano ayamba kukonda kuwedza nsomba pofuna kupumitsa maganizo kumapeto kwa sabata kapena pa tchuthi. Ine ndimakhala m'boma la Mangochi, kumene mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malawi n'kulunjika ku Malombe, ndipo anthuwa ndimawaona akutsika m'magalimoto ndi ndodo zonyezimira zogula ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ena zochita kutumiziridwa ndi abale a ku Joni. Chizolowezichi n'chabwino ndipo sindikuchinyoza. Chondidandaulitsa n'chakuti pafupifupi onse amayamba ndi funso lakuti ndodo yabwino ndi iti ndipo imagulidwa ndalama zingati, pamene funso limeneli liyenera kubwera pomalizira, munthu atadziwa kaye nsomba imene akuifuna, madzi amene akukaimapo ndi malamulo a malowo.

Woyamba kumene, amene akufuna kuwedza ali pamtunda, safunika zambiri. Nsungwi yowongoka youma bwino, twayini, mbedza zingapo, kamtovu komiza nyambo ndi kanthu koyandama, basi zakwana. Ana a kuno amadula chidutswa cha patapata yakutha n'kuchimangirira pa twayini, ndipo amabwerera kwawo ndi ndiwo pamene bwana wa ndodo yodula akadalimbana ndi chingwe chake chopiringizika. Chimene chimawasiyanitsa ndi mbedza. Ambiri sadziwa kuti pa mbedza zazing'ono nambala ikamakwera mbedzayo imachepa, kotero kuti nambala 12 ndi yaing'ono kuposa nambala 6, ndipo poganiza kuti mbedza yaikulu ndiyo imagwira nsomba yaikulu amagula zosalowa n'komwe m'kamwa mwa makumba. Zotsatira zake, nsomba zimangonyenya nyambo m'mbalimbali mpaka kuitha, choyandama chikuvinavina, mwini wake akukoka mphepo.

Nyambo nayo imatsata nsomba. Makumba amadya nyongolotsi ndi nsima yokanya bwino kuti isasungunuke msanga, mlamba sasankha ndipo amakonda madzi a matope ndi nthawi ya madzulo, pamene kampango amasaka usiku m'madzi akuya ndipo amafuna usipa kapena kansomba kena. Ncheni imathamangitsa usipa ndipo mano ake amadula twayini wopyapyala. Alendo ambiri amabwera atalumbira kuti abwerera ndi chambo, osadziwa kuti chambo chimadya tizomera ndi tizamoyo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, ndipo n'chifukwa chake chimene mumachiona pamsika chimakhala chogwidwa ndi ukonde. Munthu akhoza kupsa ndi dzuwa tsiku lathunthu akudikira nsomba imene ilibe chidwi kwenikweni ndi mbedza yake, pamene msodzi aliyense wa padoko akanamuuza zimenezi asanatsitse n'katundu yemwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nkhani ya mfundo ndiyofunika kuifotokoza bwino, pakuti nsomba zambiri zimapulumukira pamenepa. Twayini ndi woterera, ndipo mfundo wamba imene timamangira thumba la chimanga imamasuka nsomba ikangokoka. Mukalowetsa twayini pa diso la mbedza, mupiringize nsongayo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa twayini yemweyo, muibweze podutsa pa kampata kamene katsala pafupi ndi disolo, munyowetse ndi malovu, kenako mukoke pang'onopang'ono mpaka mfundoyo itakhazikika. Kunyowetsako sikungotsatira mwambo ayi, koma twayini wouma akamakhulana amatentha n'kufooka. Nsomba ikathawa ndi mbedza, yang'anani nsonga yotsalayo. Ikakhala yopotanapotana, dziwani kuti mfundo yanu ndiyo yamasuka ndipo palibe wina womudandaulira, koma ikakhala yoduka mosalala ndiye kuti ndi mano a nsomba kapena mwala. Twayini wokhalitsa padzuwa, monga uja amasiyidwa kumbuyo kwa galimoto miyezi ingapo, amaduka yekha ngakhale mfundo ikhale yabwino.

Amene agula kale ndodo yokhala ndi chokulungira chingwe asachidzaze mpaka pakamwa, chifukwa chingwecho chimatuluka chambiri nthawi imodzi n'kupiringizana, ndiponso asamange kwambiri kachitsulo kamene kamalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Za zida ndilekeze pamenepa.

Ngozi zazing'ono zimayamba ndi mbedza yomweyo. Padoko pakafika mlendo ana amaunjikana kumbuyo kwake kuti aone, ndipo iye poponya osacheuka amakola khutu kapena tsaya la mwana. Mbedza ili ndi kamunga kobwerera m'mbuyo, ndipo ikalowa m'mnofu mpaka kamungako kubisika, kuikoka mwankhanza kumang'amba malo aakulu kuposa pamene inalowera. Choyenera n'kudula twayini, kuphimba mbedzayo kuti isagwedezeke, n'kupita kuchipatala, kumene akaichotse ndi kuonanso ngati munthuyo akufunika katemera wa kafumbata. Ikakhala pafupi ndi diso, wina aliyense asaikhudze. Ine ndimalangiza oyamba kuti afinye kamungako ndi pulayala asanayambe kuwedza. Nsomba zina zidzapulumuka ndithu, koma chala chikakodwa mbedza imatuluka mosavuta, ndiponso kansomba kakang'ono kamabwezedwa m'madzi kosang'ambika kamwa.

Nsomba zopanda mamba zili ndi zida zawonso. Mlamba ali ndi minga yolimba pa zipsepse za m'mbali, ndipo nkholokolo ili ndi itatu, umodzi pamsana ndi iwiri m'mbali, imene imaima nji nsombayo ikangotuluka m'madzi. Munthu wosazolowera amaifumbata ndi dzanja lonse chifukwa cha chisangalalo, ndipo chikhatho chimatupa ndi kuwawa usiku wonse. Gwirani kumbuyo kwa mingayo, makamaka ndi kansalu, ndipo musaponde nsomba yotere ndi phazi lopanda nsapato. Ndionjezere kuti ndodo zambiri zamakono n'zopangidwa ndi kaboni, amene amadutsitsa magetsi, choncho mitambo ikada ndi kuyamba kugunda muigoneke pansi, ndipo musaponye chingwe pansi pa mawaya a magetsi.

Zambiri mwa zimenezi n'zochiritsika. Zimene zandichititsa kulemba kalatayi ndi zija zosabwezeka, ndipo yoyamba ndi ng'ona. Mu Shire yense, kuyambira kuno kudutsa ku Liwonde mpaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndiponso pa mathiriro a mitsinje yolowa m'nyanja, ng'ona zilimo, ndipo malo amene mlendo amawaona kuti ndi okoma, a mthunzi, a bango ndi madzi odekha, ndiwo malo ake enieni. Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu. Amene amaima malo amodzimodzi madzulo alionse, amene amatumbulira nsomba m'mphepete mwenimweni n'kutayira matumbo m'madzi, amene amamangirira nsomba zake ku mwendo kuti zikhale zamoyo m'madzimo, onsewa amaiitana okha. Choopsa kwambiri ndi mbedza yokodwa mu bango. Munthu amaiona ili pafupi, amapinda thalauza n'kulowa kuti akaiwonjole, chonsecho mbedzayo mtengo wake sufika n'pa botolo la zoziziritsa kukhosi. Idulidwe basi, amange ina. Mvuu nayo imatuluka usiku kukadya msipu n'kubwerera m'madzi mbandakucha, nthawi yomweyo imene owedza amakonda kulawira, ndipo wopezeka pakati pa iyo ndi madzi sapatsidwa mpata wothawa.

Panyanja mdani ndi mphepo. M'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mwera umatha kudzuka nyanja itagona bwinobwino m'mawa, ndipo m'kanthawi kochepa mafunde amakhala oti ngakhale asodzi obadwira pomwepo amakokera mabwato awo kumtunda. Mlendo akaona mabwato onse ali pamchenga dzuwa likuwala amaganiza kuti eni ake ndi aulesi, n'kuyamba kufunafuna mnyamata woti amupalasire pomulonjeza ndalama zambiri. Mnyamata wosowa ndalama amavomera, ndipo pamenepo miyoyo iwiri yaikidwa pachiswe chifukwa cha chithunzi choti chikaonekere pa Facebook. Bwato losema silikhululukira munthu woimirira mwadzidzidzi nsomba ikakoka. Amene sadziwa kusambira asakwere popanda jekete yoyandamitsa, ndipo mowa udikire kumtunda.

Pali ngozi inanso yosaoneka tsiku lomwelo, imene ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osathamanga, a udzu ndi bango, ndipo timalowa pakhungu la munthu woima m'madzimo. Zizindikiro zimatha kuchedwa masabata kapena miyezi, munthu ataiwala kale za ulendo wake, choncho wowedza amene wakhala akuviika miyendo akauze achipatala kuti anali kunyanja. Mankhwala ake, a praziquantel, alipo.

Funso lina limene oyamba salifunsa n'komwe ndi lakuti kodi pamene aimapo m'pololedwa. Usodzi m'dziko muno umayendetsedwa ndi lamulo la 1997 losamalira ndi kuyang'anira nsomba, ndipo m'madoko muli makomiti a m'midzi amene amagwira ntchito ndi a nthambi ya za nsomba. Ku Cape Maclear, paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, imateteza madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo ake ndi zilumba zake. Mbuna, nsomba zazing'ono zokongola zija zimene zimaunjikana pamiyala ya ku chilumba cha Thumbi, n'zosavuta kugwira, koma n'zoletsedwa. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, ulamuliro wa mfumu Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo mlendo sangafikeko ndi ndodo yake n'kunena kuti iye akungosewera. Nsomba za trout za m'madamu a pa phiri la Zomba ndi ku Chelinda pa Nyika zimafuna chilolezo, chimodzimodzinso mpasa wa mumtsinje wa Bua m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota.

Ena amati mbedza imodzi singathe nsomba m'nyanja yaikulu ngati imeneyi, ndipo n'zoona kuti amene awononga kwambiri ndi makoka a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu. Komabe mu 2018 bungwe la IUCN, loona za kasamalidwe ka zachilengedwe padziko lonse, linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pangozi yaikulu yotheratu, ndipo m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene chambo chimaswana ndipo asodzi a makoka amauzidwa kuti apume, sizioneka bwino kuti munthu wolandira malipiro pamwezi azidzaza chidebe ndi tiana ta nsomba timene sakatidya n'komwe. Msodzi amene wapachika khoka lake, ana ake akudya nsima ya ndiwo zamasamba, amaona zimenezo ndipo amazisunga mumtima. Wowedza pongosangalala ndiye ali ndi mpata wobweza kansomba m'madzi, pakuti sagona ndi njala chifukwa cha kameneko. Achite zimenezi ndi manja onyowa, mwamsanga, osakafinya ndi kukajambula nthawi yaitali.

Ulemu wa padoko nawonso ndi mbali ya luso. Mukafika perekani moni, funsani wa komiti kapena nyakwawa kumene mungaime, ndipo funsani kumene kwatchedwa matchera kuti mbedza yanu isang'ambe ukonde umene mwini wake anaugula ndi ngongole. Amene wakulozerani malo ndi kukukumbirani nyongolotsi mum'lipire moyenera, chifukwa nzeru zakezo n'zimene zikupulumutseni ku zonse ndatchulazi. Twayini woduka musamusiye pamchenga, pakuti amakola mbalame, abakha ndi mapazi a ana.

Pomaliza, Akonzi, ndili ndi mapempho. Ogulitsa zida zowedzera ndi eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja aziwauza makasitomala awo za ng'ona, mwera ndi malo oletsedwa asanawapatse ndodo m'manja. A nthambi ya za nsomba pamodzi ndi a zamapaki asindikize kapepala ka m'Chichewa kofotokoza momveka kuti wowedza ndi mbedza imodzi akufunika chilolezo pamalo ati, chimatengedwa kuti, ndipo ndi nsomba za msinkhu wanji zimene ayenera kubweza, ndipo aike zikwangwani pa madoko amene alendo amafikapo kwambiri, monga ku Senga Bay, ku Monkey Bay ndi ku Nkhata Bay. Inunso mutatipatsa kadanga kamodzi pamwezi kuti oyamba azitumiza mafunso awo, ndikukhulupirira kuti asodzi achikulire a ku Malembo, ku Msaka ndi ku Makanjira angawayankhe bwino mtolankhani wanu atawapeza padoko m'mawa akusoka maukonde.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Mangochi