TV tizizimitsa pa soketi

A Mkonzi,

Ndati ndiyankhuleko za ma TV kuno ku Ulongwe. Aliyense akudandaula kuti Credelec, magetsi olipiriratu aja, ikutha msanga, inde damu lopanga magetsi la Cahora Bassa lili konkuno ku Tete koma a kampani ya magetsi ya EDM sapereka magetsi ulere, ndiye bwanji TV imangokhala chiyakire tsiku lonse ana ali kusukulu, mayi ali kumsika, woonera palibe? Ena amati azimitsa ndi rimoti, ayi ndithu, kagetsi kofiira kaja kakamayaka ndiye kuti ikudyabe pang'onopang'ono, dikoda ndiye imachita kufunda usiku onse. Tizizimitsa pa soketi abale. Kuwala kwa sikirini nakonso tichepetseko. Ndipo amene mukadali ndi chi TV chakale chachimsana chija, chimadya kuposa za LED.

Ine wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia