Kalata kwa mwana wanga amene waitanidwa ku intavyu

Bangula, Nsanje

Mwana wanga,

Uthenga wako unandipeza ndili pa makina, ndikupinda yunifolomu ya mwana wa eni ake. Nditawerenga kuti akuitana ku Blantyre Lachinayi la sabata yamawa, ndinachotsa phazi pachopondera n'kuyamba ndathokoza Mulungu. Zaka ziwiri ukulemba makalata osayankhidwa, ena mpaka tinkachita kugulitsa nkhuku kuti upeze ya fotokope. Bambo ako nawo akondwa, ngakhale ukuwadziwa kuti chimwemwe chawo sichituluka pakamwa.

Koma mawu ako omalizira andisowetsa tulo. Ukuti ukufuna kutenga ndalama ya katapila kuti ukagule suti yatsopano m'sitolo, poti anzako amene ukapikisane nawo ndi a m'tauni. Ayi mwana wanga, usatero. Ntchitoyo sunaipeze, ndipo mwini katapila sadzafunsa ngati anakulemba kapena ayi. Ine ndakhala ndi nsalu m'manja kuyambira usanabadwe, ndiye pa nkhani iyi yokha undimvere.

Anthu amene akakufunse mafunso akayamba kukuona usanatsegule pakamwa. Kuchokera pakhomo kukafika pampando ndi mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo m'kanthawi kameneko maso awo amakhala atayenda kale kuchokera kumutu mpaka kunsapato. Chimene ndikufuna n'chakuti maso amenewo akasowe pokodwa. Akakuyang'ane kamodzi, aone munthu wodzisamala, kenako aiwale zovala n'kuyamba kumvetsera zimene uli nazo m'mutu. Chovala chodula kwambiri, chothina kapena chonyezimira chimakola maso mofanana ndi chovala chakuda ndi litsiro. Amatsala akukumbukira chovalacho, mayankho ako osawakumbukira.

Sindinakuuzepo bwino nkhani yanga. Ndili mtsikana, kampani ina yosoka zovala ku Blantyre inkafuna anthu, ndipo ndinaitanidwa. Ndinavaliratu kunyumba kuno bulauzi yanga yoyera, ndinabwereka nsapato za mnzanga zimene zinali zochepa pang'ono, ndipo ndinakwera basi m'mamawa. Pofika pa Nchalo msana wonse unali utanyowa. Pokwera mapiri a Chikwawa fumbi linali litamatirira pathukutapo, kolala itasanduka yofiira. Nsapato zija zinali zitanditupitsa zala. Nditalowa m'chipinda muja, maganizo anga onse anali pa kubisa m'khwapa ndi kupirira ululu wa kuphazi. Anandifunsa za kadulidwe ka mkono wa malaya, chinthu chimene ndinkachita tsiku ndi tsiku, koma ndinayankha ngati munthu amene sanagwirepo sizasi. Sananditenge. Ndinalira njira yonse yobwerera, ndipo mpaka lero zimandipweteka chifukwa ntchitoyo ndinkaidziwa.

Ndiye chinthu choyamba, zovala za intavyu usayende nazo m'thupi. Ziyende m'chikwama. Kuchokera ku boma la Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 170, ndipo mwezi uno wa Okutobala ukudziwa wekha kuti kuchigwa kuno kutentha kumapitirira madigiri 40. Minibasi iima pa Ngabu, pa Nchalo, pa Dyeratu, paliponse ikukweza anthu ndi katundu. Wina akupatsa mwana kuti umunyamulire, wina aika dengu la makakana pafupi ndi miyendo yako, ndipo fungo la nsomba likalowa m'nsalu silituluka ndi perefyumu. Uvale diresi lako la masiku onse ndi chitenje, unyamuke Lachitatu, ukagone kwa azakhali ako ku Chilobwe. Ndawaimbira kale, akukudikira. Zoti unyamuke tsiku la intavyu lomwelo m'bandakucha usaziganize n'komwe. Galimoto ikangofera pa phiri mutadutsa pa Thabwa, intavyu yako yathera pomwepo.

Ukumbukirenso kuti kumtunda si kuno. Ife tili pansi, Nsanje safika ngakhale mamita 100 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Blantyre ali pamwamba mamita oposa 1,000. M'mawa kumakhala kamphepo ngakhale nyengo ino, ndipo maofesi ambiri ali ndi makina oziziritsa. Thupi lozolowera ng'anjo ya kuno limanjenjemera msanga, ndiye iwo angaganize kuti ndi mantha. Utenge kajekete kako kakuda kaja. Batani lake limodzi linkagwedera, ndidzalilimbitsa.

Tsopano za nsalu. Ife tikukhala m'dera lolima thonje, koma atsikana anu mumathamangira zoterera za nayiloni chifukwa zimawala pa kaunjika. Nsalu yoterera simwa thukuta, imalitsekera pakhungu, ndipo pakangotha ola limodzi imayamba fungo. Bulauzi ikhale ya thonje, kapena yosakaniza koma thonje likhale lochuluka. Ukamasankha pa kaunjika uyang'ane kachikwangwani ka m'khosi, ndipo uikweze kudzuwa: ukaona dzanja lako kuseri kwa nsaluyo, isiye, iwonetsa zamkati. Uyang'anenso m'khwapa ndi pakolala, poti m'menemo ndi mmene mumabisala madontho a mwini wake woyamba. Mtundu wotuwa ngati phulusa ndi wabuluu wowala umaulula thukuta kuposa mitundu yonse. Yoyera kapena yotuwira ngati mkaka ndi yabwino bola isayende panjira. Siketi ikhale yakuda kapena yabuluu woderako. Iwe uli nayo kale siketi yotere, ija unavala pa tsiku lolandira dipuloma. Imeneyo ndi yokwanira. Chosowa ndi bulauzi yokha, ndipo ya kaunjika yosankhidwa bwino, ine n'kuigwira m'mbali kuti ikukhale, palibe amene angaisiyanitse ndi ya m'sitolo.

Zobwereka ndakana. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo chovala chosokedwera thupi la wina chimakuchititsa kumangokoka apa, kukoka apo, osakhazikika.

Pochapa usamale madzi. Mijigo yambiri ya kuno madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu, ndipo siketi yakuda ikauma imatsala ndi mizere yoyera. Ngati kwanuko madzi ali otero, uchape bulauzi yokha kawiri kuti fungo la belo lichoke, siketiyo ukatsukuluze ndi madzi a pampopi kwa azakhali ako ukangofika, iuma tsiku lomwelo. Uyanike pamthunzi, utaitembenuza kunja kukhala mkati. Kusita ukasitire komweko Lachitatu madzulo, osadikira m'mawa, poti magetsi sapangana ndi munthu. Ikakhala simbi ya makala, uyambe waipukuta pansi pake, uuzire phulusa kutali ndi zovala, uyese kaye pa chitenje chakale. Kamoto kamodzi kakagwera pa bulauzi kamaboola pomwepo. Siketi yakuda uisite chotembenuza kapena uyale kansalu konyowa pamwamba, apo ayi iyamba kunyezimira m'misoko ngati yakalekale.

Kutalika kwa siketi kuyesedwe utakhala pansi, osati utaimirira. Ambiri amalakwa pamenepa. Pagalasi imaoneka yofika m'mawondo, koma ukakhala pampando imakwera, ndiye nthawi yonse ya mafunso dzanja lili kalikiliki kuikokera pansi. Ukabwera ndidzakukhazika pampando wanga wosokera, ndione pamene ikulekezera. M'munsi mwake ndinasiya nsalu yokwanira, ndikhoza kuitsitsa. Bulauzi nayo uweramire kutsogolo ngati ukupereka mapepala, uone ngati pachifuwa sipakutseguka.

Unandifunsa ngati thalauza ndi yololedwa. Ndi yololedwa, ndipo sindikufuna kuti wina akunamize. Ife tinakula pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Ndikukumbukiranso mu Januwale 2012 pamene anyamata ena anavula akazi ovala mathalauza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, amayi n'kusonkhana kudzudzula khalidwe lonyansalo. Ufulu umenewo anthu anauvutikira, ndi wako. Thalauza ya nsalu, yosokedwa bwino, yosamata thupi, ndi chovala chaulemu. Jinzi ayi. Koma poti sukudziwa amene akakhale kuseri kwa tebulo, ndipo ena mwa iwo ndi amsinkhu wanga amene maso awo anakulira m'nthawi ija, ine ndikanasankha siketi pa tsiku limeneli. Ukayamba ntchito udzaona wekha mmene anzako amavalira. Awa ndi maganizo anga chabe, iwe ndiwe wamkulu tsopano.

Chitenje sindichinyoza, ndi chimene chatidyetsa pakhomo pano. Mayi Joyce Banda analamulira dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014 atavala zosoka za chitenje ndi duku lake, ndipo analowa nazo m'maofesi akuluakulu a kunja. Diresi la chitenje losokedwa mwaudongo, lamaluwa osalongolola, likhoza kulowa mu intavyu. Chimene sichilowa ndi nsalu ya chipani, kapena iliyonse yokhala ndi nkhope ya munthu ndi mawu. Ngakhale yomanga panjira, usankhe yopanda zimenezo, sudziwa amene ukakumane naye pageti. Chimodzimodzi matisheti a mabungwe amene anadzaza kuno chidutsireni namondwe wa Freddy. Ndi abwino kumunda ndi kumsika.

Nsapato. Za gogoda zisiye, sunazizolowere, ndipo misewu ya Blantyre ndi yokwera ndi yotsika. Zako zakuda zotseka kutsogolo zija upite nazo kwa wosoka nsapato aone chidendene, uzipake polishi usiku, m'mawa uzipukute. Uyende ndi patapata, nsapatozo zili m'jumbo, ukavale wayandikira pageti, patapatayo ubise m'chikwama. Mapazi athu a kuchigwa amang'aluka ndi kutentha kwa dothi, choncho kuyambira lero uziwakwecha ndi mwala posamba, usiku uzipaka Vaseline. Ngati ukakwere kabaza wa njinga yamoto, umange chitenje pamwamba pa siketi ndipo mwendo uutalikitse ku paipi ya utsi. Koma bola minibasi, n'kutsika msanga.

Tsitsi ulukitse Loweruka lino, osati dzulo lake la intavyu. Malukidwe atsopano amakoka khungu, mutu umawawa, nkhope imaoneka yokwiya. Maluko ang'onoang'ono obwerera kumbuyo akwanira. Zikhadabo uwenge, ndolo zikhale zazing'ono, zibangili zolira usiye. Perefyumu pang'ono kwambiri, chipinda chotseka chimakuza fungo. Mpango woyera m'chikwama, wopukutira nkhope ndi m'manja usanapereke moni.

Pali china chimene ndinaona pamene unabwera mwezi watha, ndipo ndinangokhala chete chifukwa panali alendo. Kabotolo kamene kanali m'chikwama mwako ndikukadziwa. Mafuta oyeretsa khungu amenewo ndaona zimene achita kwa akazi amene ndimawayeza zovala: masaya ofiira ngati opsa, zala zakuda, khungu lopyapyala losapirira dzuwa, ndipo dzuwa la kuno silichitira chisoni munthu. Ngati wina anakuuza kuti ntchito za muofesi zimafuna oyera, anakunamiza. Khungu lako ndi la agogo ako aakazi, amene anthu ankachita kutembenuka akamadutsa pamsika. Ukataye kabotoloko, ndakupempha ine mayi ako.

Mapepala ako ndi mbali ya kavalidwe. Satifiketi ya MSCE, dipuloma, chiphaso cha unzika, kalata yokuitana, ndi mafotokope a zonsezi, zikhale mufayilo ya pulasitiki, zosapindika. Oyambirira aja ali kuno, m'jumbo momwe ndinawamanga mu Malichi 2023 pamene madzi ankalowa m'nyumba. Usiku umenewo ndinasiya mbale ndi mabulangete, ndinasenza mutu wa makina ndi jumbo imeneyo. Sindinawapulumutse kuti ukawatulutse atakwinyika pansi pa chikwama pamodzi ndi chipeso. Foni uzimitse usanalowe, osangoichepetsa mawu.

Ndikudziwa chimene chili pansi pa nkhani ya suti ija. Ukuopa kuti akakuona akadziwa kuti ndiwe wa kuchigwa, ndipo anthu ena akumtunda amatitchula ndi kamwano, ngati kuno kumangochokera madzi osefukira ndi anthu opempha. Akadziwadi, lilime lako likakuulula ngakhale utavala za ndalama zingati, ndipo palibe chobisa pamenepo. Shuga amene akathire mu tiyi wawo tsiku limenelo mwina ndi wa ku Nchalo. Iwe unalemba mayeso ukuwerengera tochi, sukulu yako itasanduka msasa wa anthu othawa madzi, ndipo unakhoza. Akakufunsa kwanu, ukayankhe kuti ku Nsanje, mutu uli chowongoka, maso ali pa amene wafunsayo. Ulemu wathu wogwada ndi kuyang'ana pansi ndi wabwino pakhomo pa apongozi, koma muofesi amauona ngati kusadzidalira. Ukapereke moni, udikire akuuze kuti ukhale, ukhale chowongoka.

Ngati kalata yokuitanayo yatchula kavalidwe kapena zoti utenge, utsatire zimenezo kuposa zanga. Pamene sunamvetse uimbe foni ufunse, safunsa anadya phula.

Ndiye upange chonchi. Lolemba upite pa kaunjika usankhe mabulauzi awiri, ndalama yake ndakutumizira pa foni, ndi ya madiresi a kwaya amene ndinamaliza. Lachiwiri ukwere ubwere kuno ndi siketi, jekete ndi nsapato, udzagone, ndidzakuyeze madzulo kukazizira. Lachitatu udzanyamukira pano pa Bangula. Pobwera undigulire ulusi wakuda ndi zipi ya siketi ya mainchesi 8, kuno yasowa. Bambo ako akuti adzakuperekeza okha pasiteji.

Ndine,
Mayi ako