Zikomo chifukwa cha Mwera, mphaka wathu

Kwa Akuluakulu,
Ofesi ya Zaumoyo wa Ziweto,
Salima.

Bambo ndi Mayi,

Ndati ndilembe kalatayi kuti ndithokoze thandizo limene munandipatsa pa nkhani ya mphaka wathu. Ndikudziwa kuti pa ofesi panu pamafika nkhani zikuluzikulu, za ng'ombe, za mbuzi, za chitopa chimene chimatha nkhuku m'midzi. Ine ndinabwera ndi kamphaka m'katoni yobowola, ndipo tsiku limenelo ndinkachita manyazi ngakhale kutchula chimene ndadzera.

Kamphakaka anakatola ndi ana anga ku Senga Bay mu June, pansi pa thandala loyanikapo usipa. Inali nthawi ija mwera umakuntha mpaka asodzi kuopa kulowa panyanja, n'chifukwa chake anawo anamutcha Mwera. Anali woonda, nthiti zikuwerengeka, osalira n'komwe. Titakhala naye sabata imodzi ndinaona kuti ndikamusisita kumsana, m'manja mwanga mukutsala tizidutswa toyera ngati gaga. Ubweya unali mbuu, khungu louma losendeka, ndipo pamene payambira mchira panali pothothoka. Usiku wonse ankangodzikanda ndi kudziluma. Ndinamusambitsa kawiri ndi sopo wochapira poganiza kuti ndi litsiro, koma zinangonyanyira.

Malangizo a anzanga sanasowe. Wina anati ndimupake oilo wakale wa injini monga amachitira agalu a mphere. Wina anati ndimusungunulire kachidutswa ka panado kuti asiye kuvutika. Ine ndinali nditagula kale mankhwala osambitsira agalu, ndipo ndinali nawo m'chikwama tsiku limene ndinayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 20 kubwera kwa inu.

Apa ndi pamene pali kuthokoza kwanga kwenikweni. A mlangizi amene anandilandira sanandiseke. Asanagwire n'komwe mphakayo, anandifunsa chilichonse chimene ndamupaka kapena kumumwetsa. Nditatulutsa botolo lija, anawerenga zolembedwa pambali, nandilozera mawu akuti permethrin. Anandiuza kuti mankhwala amenewa agalu amawapirira, koma mphaka amanjenjemera nawo, kukomoka, mwinanso kufa kumene. Za panado anati ngakhale pang'ono chabe amawononga magazi ndi chiwindi cha mphaka. Oilo nayenso ayi, chifukwa mphaka amasamba podzinyambita, ndiye chilichonse chopakidwa pa ubweya chimathera m'mimba. Ndinakhala chete kwa kanthawi. Ndikanapanda kubwera, madzulo a tsiku lomwelo ndikanamusambitsa Mwera ndi manja angawa, ana akuonerera, ndikuyesa ndikumuchiritsa.

Kenako anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Ananyowetsa pepala loyera n'kuliyala patebulo, namupesa Mwera ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono. Pamodzi ndi gaga uja panagwa timadontho takuda ngati tsabola wosinja. Titadikira pang'ono, timadontho tija tinayamba kusungunuka n'kufiira. Anati ndi ndowe za utitiri, ndipo kufiirako ndi magazi a mphakayo amene utitiriwo wayamwa. Ine utitiri sindinkauona chifukwa mphaka amaumeza podzinyambita. Anandifunsanso ngati ndinaonapo tinthu tonga mpunga pansi pa mchira kapena pogona pake. Ndinali nditationa. Anati ndi zidutswa za njoka za m'mimba zimene zimalowa mphaka akameza utitiri. Kamwana kotere, kodyedwa kunja ndi m'kati, khungu lake lingakhale bwanji losalala?

Anayang'ana m'makutu, kumaso ndi m'miyendo, kufufuza ngati pali mabanga ozungulira opanda ubweya. Apa anandifunsa za ana, ngati wina ali ndi chipere kumutu kapena m'mikono, poti chipere cha mphaka chimapatsira anthu, makamaka ana amene amagona naye. Mwamwayi sichinapezeke, koma zinandigwira mtima kuti munthu amene ndinamupititsira mphaka anaganiziranso za ana anga.

Mankhwala ake anali ochepa: a njoka za m'mimba, ndi ena odontheza pakhungu kumbuyo kwa khosi, pamene lilime silifika, olembedwa kuti ndi a mphaka. Ntchito yambiri inali yanga. Mazira a utitiri sakhala pa mphaka, amagwera pa nsanza zogonera, pamphasa ndi m'ming'alu ya pansi. Ndinachapa zonse ndi madzi otentha, kuyanika padzuwa, kusesa tsiku ndi tsiku. Kusambitsa ndi sopo anati ndileke, chifukwa sopoyo amachotsa mafuta achilengedwe amene amafewetsa khungu.

Pa zakudya ndi pamene ndinaphunzira kwambiri. Ife tinkamupatsa nsima yonyika mumsuzi ndi timitu ta usipa wamchere, monga amachitira aliyense kuno. A mlangizi anandifotokozera kuti mphaka si galu, thupi lake limafuna nyama ndi mafuta ake, ndipo nsima imangomudzaza m'mimba. Anati usipa ndi wabwino, koma ndiziwiritsa wopanda mchere, chifukwa nsomba zina zikadyedwa zaziwisi tsiku ndi tsiku zimawononga vitamini B1 m'thupi mwa mphaka. Anawonjezera dzira lophika, zam'kati mwa nkhuku zophika, ndi madzi oyera osaphwa m'mbale yake. Mkaka wa ng'ombe umene ndinkaganiza kuti ndikumukondera nawo, anati amphaka ambiri umawatsegula m'mimba. Zonsezi n'zimene ndingathe kupeza pano pagombe osalowa m'ngongole, ndipo ndikuyamika kuti sananditumize kukagula zakudya za m'mapaketi zimene sindikanakwanitsa.

Patapita masabata 3 kudzikanda kunachepa. Pofika kumapeto kwa August gaga uja anali atatheratu, ndipo pamchira paja pamera ubweya wakuda wonyezimira. Tinabwereranso kudzamubayitsa katemera wa chiwewe monga munatiuzira, ndipo kakhadi kake ndakasunga pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Pano makoswe amene ankatibowolera matumba a mpunga sakumvekanso kudenga.

Ndili ndi pempho limodzi. Mukamabwera kuno kudzabaya agalu katemera, chonde muzitchulako nkhani ya mankhwala a agalu ndi amphaka. Pa madooko athu amphaka ndi ambiri, ndipo amene anandilangiza za oilo ndi panado ndi anthu abwino, amene ankafuna kundithandiza ndi mtima wonse. Awiri mwa iwo ndawaonetsa kale za pepala lonyowa lija, ndipo mmodzi akuti abwera ndi wake mwezi uno.

Mundiperekere moni ndi zikomo kwa a mlangizi aja. Botolo lija ndinapereka kwa achimwene anga amene ali ndi agalu ku Lifuwu, ndipo ndinawauza kuti lisayandikire mphaka.

Ine wanu,
Mayi wa ku Senga Bay