Kalata kwa mnzanga amene wayamba kupenta

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko. Kuno tili bwino. Nkhani yoti wagula penti wa mafuta ndipo ukufuna kuphunzira potengera chithunzi cha alimi yandisangalatsa kwambiri.

Yamba ndi chithunzi cha Vincent van Gogh, wopenta wa ku Netherlands, cha alimi akudya mbatata ya kachewere, chomwe anapenta ku Nuenen mu 1885, ndipo pano chili ku Van Gogh Museum ku Amsterdam. Muli anthu asanu atazinga tebulo pansi pa nyali imodzi. Kapentedwe ka expressionism, koonetsa zamumtima kuposa maonekedwe enieni a chinthu, kanadza pambuyo pake, koma mizu yake ili momwemu: nkhope zokhakhala, zala zamfundomfundo zozolowera kukumba nthaka. Chonde usawakongoletse anthuwa. Ophunzira ambiri amachepetsa mphuno n'kusalaza manja, mapeto ake alimi aja amaoneka ngati sanagwirepo khasu.

Chenichenicho ndi cha masentimita 82 kwa 114, choncho kanivasi (nsalu yopentapo) ya 50 kwa 70 ikukwana bwino. Ngati ndi yosakonza, ipake gesso (penti woyera wokonzera nsalu) kawiri kapena katatu, uzidikira aume n'kupalapo pang'ono ndi sandipepa. Ukapanda kutero nsalu imamwa mafuta, penti amazimirira, ndipo pakapita zaka ulusi umafumbwa. Mitundu isanu yakwana: titanium white (woyera), yellow ochre (wachikasu), burnt sienna (wofiirira), raw umber (wabulauni woderapo) ndi ivory black (wakuda). Mabulashi akhale aubweya wolimba, nambala 4, 8 ndi 12, kuphatikizapo kampeni kosakanizira.

Tsiku loyamba sungunula raw umber ndi turpentine (mankhwala osungunulira penti) akhale ngati tiyi wopanda mkaka, upake kanivasi yonse, upukute ndi kansanza, ugoneke usiku umodzi. Pansalu yoyera mbuu mtundu uliwonse umaoneka wakuda kuposa mmene ulili, diso limanyengeka. Mawa lake lemba mabokosi a masentimita 10 ndi khala, asanu ndi awiri m'litali, asanu m'lifupi, ugawe chimodzimodzi chithunzi chotengeracho. Ukalemba anthuwo, kuntha fumbi la khala ndi nsalu youma lisadetse penti.

Yambira kumdima kupita kowala. Apa ndiye pagona nkhani. Ukasakaniza yellow ochre ndi ivory black pang'ono umapeza kubiriwira kwakuda komwe kwadzaza m'chipinda chija. Khungu litenge ochre, kadontho ka sienna ndi kobiriwira komweko. Van Gogh ankafuna nkhope zikhale ngati mbatata yafumbi yosasenda. Woyera usunge mpaka kumapeto, wa pa nyali, pa makapu, pa zipewa za amayi ndi pa mfundo za zala. Ukafulumira naye, zonse zimatuwa ngati phulusa. Uzibwerera m'mbuyo mapazi atatu, utsinzine pang'ono: ngati nyali ndi mbale sizikukoka diso, mdima wako sunakwane.

Za mafuta usaiwale izi. Penti woyamba akhale ndi turpentine yekha. Wachiwiri, gawo limodzi la mafuta a linseed pa magawo awiri a turpentine. Womaliza, theka ndi theka. Ukatembenuza, wapamwamba amauma wapansi akadali wofewa, ndiye pamabuka ming'alu. Umber amauma tsiku limodzi kapena awiri, koma woyera ndi wakuda amatha kudya sabata, makamaka kozizira ngati kumeneko. Mafuta ophikira usayese n'komwe, sauma bwino.

Mitundu ikasanduka matope, ndiye kuti wasakaniza yoposa itatu kapena wapakapaka malo amodzi. Pala ndi kampeni, upukute, uyambirenso. Ika penti kamodzi molimba mtima, bulashi itsate fupa la tsaya kapena kupindika kwa msana, ndipo mizere yake isiye iwonekere.

Tsegula zenera pogwiritsa ntchito turpentine. Nsanza zonyowa ndi linseed zikaunjikana zimatentha zokha mpaka kuyaka moto, choncho uziyanike chotambasula panja kapena uzimize m'chitini cha madzi. Mabulashi uzitsuka ndi sopo tsiku lomwelo. Vanishi wotetezera chithunzicho adikire miyezi isanu ndi umodzi. Kumbuyo kwa kanivasi ulembe kuti watengera kwa Van Gogh.

Ukamaliza gawo la mdima, unditumizire chithunzi chake pa WhatsApp usanagwire woyera, ndione manja a mayi wothira khofi uja. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.